Theka la Nkhope

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala chiboliboli
pamsewu wa Santa Catarina, mumzinda wa Porto,
pamwamba pa bokosi lomwe kale linkasunga mabotolo a vinyo.
Ndimadzola utoto wasiliva mpaka m'makutu.
Ndimapumira m'mimba, osati pachifuwa,
kuti batani la jekete lisandiulule.
Njiwa inasiyapo chitosi paphewa langa,
sindinacheuke. Inabweranso mawa lake.

Kobili likagwa m'chipewa ndimawerama kamodzi,
pang'onopang'ono, ngati chitseko chadzimbiri,
ana n'kukuwa, amayi awo n'kuseka,
mafoni ambirimbiri n'kundijambula osafunsa dzina.

Graciete yekha ndiye anafunsa.
Anaima chapatali masiku atatu, manja m'matumba,
kamera ayi, kobili ayi.
Tsiku lachinayi, mvula itabalalitsa anthu,
anati: Bambo, mukatsika pamenepo mumakhala ndani?
Ndinayankha kukhosi kuli gwaa: Anselmo.
Dzinalo linatuluka ngati la m'bale amene anasamuka kalekale.

Chipinda chake chili pamwamba pa shopu ya bakayawo,
masitepe makumi anayi ndi awiri, mawondo anga ndiwo anawerenga.
Zenera limodzi loyang'ana kumpoto. Mpando wopanda chotsamira.
Kamera yathabwa ya miyendo itatu, yakale kuposa tonsefe,
ndi nsalu yakuda yofunda kumutu.
Anandipatsa beseni, sopo ndi mafuta a maolivi.
Sambani theka lokha, anatero. Linalo lisiyeni.

Ndinasamba kuchokera pamphuno kulowera kumanzere.
Madzi anachita mbuu.
Panatuluka tsaya lomwe dzuwa linaliiwala,
chipsera cha waya wa padoko la Leixões
komwe ndinkatsitsa katundu m'zombo ntchito isanathe,
makwinya atatu omwe sindinkadziwa kuti ndi anga,
ndi diso la malemu mayi.

Musagwedezeke, masekondi anayi okha.

Ine!
Ine amene ndinaimapo maola awiri
kamwana kakundikoka chala,
ine amene chidakwa chinandithira mowa m'nsapato
osasuntha ndi chikope chomwe.
Koma mlomo unanjenjemera. Diso linaphethira.
Tsaya losambalo silinaphunzirepo kuima.
Mafilimu atatu anawonongeka. Iye sanadandaule,
anangotulutsa mutu m'nsalu, tsitsi lili nyankhalala,
nati: Ganizani za chinthu cholemera chomwe munanyamulapo.
Ndinaganiza. Sindinamuuze kuti chinali chiyani,
ndipo inunso sindikuuzani.
Kamera inati thee, ngati wina wathyola kamtengo ka machesi.

Tsopano ndili pakhoma loyera kutsidya kwa Douro,
wamkulu kuposa chitseko, kuseri kwa galasi,
mtengo wake pakapepala kakang'ono m'munsi,
ndalama zomwe chipewa changa chimatola miyezi isanu.
Graciete akuti theka ndi langa chikagulidwa.
Sichinagulidwebe.

Ndinapitako usiku wotsegulira chionetsero
nditavala malaya a paukwati wa mlongo wanga.
Anthu anaima duu patsogolo pa chithunzicho,
matambula m'manja, osaphethira,
ena mpaka kuiwala kupuma,
moti dzanja langa linapita lokha m'thumba
kufuna kobili loti ndiwaponyere.
Mnyamata wina wamagalasi anafotokozera mnzake
zomwe diso lakumanzerelo likutanthauza.
Ndinamvetsera. Zina zinali zoona.
Palibe anandizindikira.
Mayi wina anandipatsa tambula yake yopanda kanthu,
ndinailandira, n'kukaiika patebulo.

M'mawa mwake ndinakwera pabokosi langa
nditadzola siliva monga mwa masiku onse.
Kungoti kumanzereku utoto sukugwira bwino masiku ano.
Belu la tchalitchi likamaimba leveni koloko
tsaya limayamba kuyabwa,
manja ali m'malo mwake, chipewa chili pansi,
ndipo ndimalisiya liyabwe.